Moni amene tinaloweza pansi pa mkuyu



Atatipempha kuti tilembe kena kake m'kalata ino pa nkhani ya phunziro la Chingerezi, tinayamba taseka kaye, chifukwa tonse tinakumbukira tsiku limodzimodzi. Tilipo anayi amene tinakulira mumdadada umodzi wa nyumba kuseri kwa msika wa pa Jenda. Lero awiri mwa ife tikuphunzitsa pasukulu ino, wina ali ndi golosale pa Mzimba boma, ndipo wachinayi anabwerera kumudzi chaka chatha atakhala zaka zambiri ku Joni. Zimene talemba panozi tinazikambirana tonse pakhonde la golosaleyo, ndiye musadabwe kuti tikungoti "ife".

Linali Loweruka, tili Sitandade 4. Mayi a mmodzi mwa ife anatisiyira matimati awo m'mbali mwa msewu wa M1 kuti tiwadikirire, iwo atapita kuchigayo. Inaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka mayi wachizungu amene anali pa ulendo wa ku Embangweni. Analoza mulu umodzi n'kufunsa kuti, "How much?" Ife tinadzambatuka, manja m'mbali ngati tili pa asembule, n'kuyankha pamodzi mokweza: "We are fine, thank you, and how are you, madam?" Mayiyo anamwetulira, n'kufunsanso pang'onopang'ono. Tinangoyang'anana. Chizungu chathu chonse cha zaka zinayi chinali chitathera pomwepo. Anatiombola ndi dalaivala, amene anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa m'Chitumbuka kuti, "Ni zilinga?"

Eni matimati atabwera n'kumva nkhaniyo kwa anzawo ogulitsa anyezi, amene ankafa nako kuseka, iwo sanaseke. Anangotifunsa kuti, "Ndiye m'mawa uliwonse mukamachoka pano ndi makope, mumakatani kumeneko?" Funso limenelo likutisautsabe mpaka lero, makamaka awiri amene tinagwira choko.

Chodabwitsa n'chakuti sitinali ana olemera lilime. Makolo athu anachokera ku Mangochi ndi ku Machinga, kotero m'nyumba tinkadzuka ndi "Ajimwiche uli?" Tikangotuluka pakhomo anthu ankatilonjera kuti "Mwawuka uli?" ndipo tinkayankha ngati mbadwa za ku Champhira. M'kalasi munali Chichewa, chimene kuyambira 1968 chinalowa m'malo mwa Chitumbuka m'sukulu za kuno kumpoto. Masana kumadrasa tinkalimbana ndi zilembo za Chiarabu, zoyambira kumanja kupita kumanzere. Chingerezi, chimene mabuku amachitcha chiyankhulo chachiwiri, kwa ife chinali chachisanu. Chitumbuka palibe anatiphunzitsa pabolodi. Tinachitola pabwalo la mpira wa chikulunga, chifukwa wosadziwa kukuwa kuti ampatsire mpira ankangothamanga chabe mpaka dzuwa kulowa. Tinkalakwitsa, anzathu ankatiseka, mawa tinkabweranso. Chingerezi chokha ndicho chinalibe bwalo. Chinkakhala pabolodi, ndipo belu likangolira chinkatsala pomwepo limodzi ndi fumbi la choko.

Panalinso china chimene ana a lero mwina simuchidziwa. Kuno kum'mwera kwa Mzimba sukulu zinafika kalekale. Amishoni a Livingstonia anali ku Hora, kenako mu 1902 Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, ndipo sukulu zinamwazika m'midzi yozungulira. Anzathu ena m'kalasi anali ndi agogo amene ankawerenga nyuzipepala yachizungu ndi kulembera makalata mudzi wonse. Agogo athu ife, kwawo kunyanja, ambiri sanapondemo m'kalasi. Nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapitako abwerako ndi dzina lina komanso chipembedzo china. Mantha amenewo anali ndi chifukwa chake, ndipo sitikuwadzudzula. Koma zotsatira zake zinagwera a m'mbuyofe: ntchito za ukalaliki, za uphunzitsi ndi za kuchipatala zinapita kwa ena, abambo athu n'kukhala matelala, ogulitsa usipa ndi alonda. Zonsezo ndi ntchito zaulemu, ndipo ndi zomwe zinatidyetsa. Koma kalata ya kuboma kapena ya kubanki ikabwera, ankapita nayo kwa oyandikana nawo kuti awawerengere, ndipo nkhani ya banja lathu inkayamba kudziwika kunyumba ya eni isanadziwike kwathu. Bambo amene anaonapo manyazi amenewo safunika kuuzidwa kuti Chingerezi n'chofunika. Vuto lawo linali lakuti analibe njira yodziwira ngati mwana akuphunziradi. Akamva "Good morning, father," ankakhutira.

Ife tinayamba sukulu mu 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anakhamukira kusukulu. M'dziko lonse chiwerengero chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Kalasi yathu inali pansi pa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde. Mphunzitsi mmodzi ndi chikhamu chotero angachitenso chiyani koposa kuchiimbitsa? Iwo ankati "Good morning, class," ife n'kuyankha ngati kwaya. Ankati "This is a door," akuloza kumene kukanakhala chitseko kalasiyo ikanakhala ndi makoma, ife n'kubwereza katatu.

Sitikunyoza kuloweza. Mwana aliyense wa kumadrasa amadziwa kuti kuloweza ndi maziko. Koma palibe anatiuzapo kuti moni wachizungu ndi moni weniweni, woti munthu angayankhe zimene zilipodi. M'ziyankhulo zathu, wina akakufunsa mmene wadzukira, umatha kunena kuti wadzuka pang'ono, mutu ndiwo ukuvuta, mwana sanagone. M'Chingerezi tinkadziwa yankho limodzi lokha. Tinkati "fine" thupi likutentha ndi malungo, tinkati "fine" tsiku lotsatira maliro. Sitinkadziwa kuti munthu anganene kuti "not very well", kapena kuti "good night" ndi mawu otsanzikira, osati ofikira pakhomo usiku.

Tsoka linayamba mu Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa anasanduka a m'Chingerezi. Mwana amene sanathe kutchula mtengo wa matimati ankayembekezeka kumva za kayendedwe ka magazi m'thupi m'chiyankhulo chomwecho. Tinkakopera manotsi ndi dzanja lokongola, osamva kanthu. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti Chingerezi ndicho chikhale chiyankhulo chophunzitsira, koma aliyense amene waimapo kutsogolo kwa ana a Sitandade 2 kumudzi akudziwa kuti lamulo palokha silimasula lilime la mwana.

Kusekondale yoyendera imene tinapita, imene sitiitchula dzina, kunali kachikwangwani ka katoni komanga ndi chingwe, kolembedwa kuti "vernacular speaker". Ukagwidwa ukuyankhula Chitumbuka, Chichewa kapena Chiyao ankakuveka m'khosi, ndipo unkayenda nako uku ukutchera khutu kuti ugwire mnzako umuveke. Wotsala nako poweruka ankalandira chibalo chotchetcha udzu kapena kukumba dzenje la zinyalala. Aphunzitsi ankafuna zabwino, sitikukana. Koma chimene kachikwangwaniko kanatiphunzitsa si Chingerezi, kanatiphunzitsa kukhala chete. Nthawi ya buleki pabwalo pankangoti zii. Woyankhula chakwawo ankalangidwa, woyankhula Chizungu chothyokathyoka ankasekedwa, kotero wochenjera anali wosatsegula pakamwa. Atsikana ndiwo anakhala chete kwambiri, ndipo ena tinamaliza nawo Fomu 4 tisanamvepo mawu awo m'kalasi.

Chimene tazindikira titakula n'chakuti zolakwa zathu sizinali za umbuli. Chilichonse chinali ndi gwero lake, ndipo wina akanatisonyeza gwerolo bwenzi titasiya msanga. Tinkalemba kuti "My mother he is cooking" chifukwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao momwe, mlowam'malo sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Tinkati "Borrow me your pen" chifukwa kwathu timati "ndibwereke", mneni mmodzi yemweyo kwa wopereka ndi wolandira. Tinkati "I am coming" uku tikutuluka pakhomo, monga timanenera kuti "ndikubwera". Timawu ta "a" ndi "the" tinkangotiwaza m'chimangirizo ngati mchere m'ndiwo, chifukwa ziyankhulo zathu zilibe timawu totere.

Cholakwa chimene chinatipweteka mtima chinali cha ulemu. Mmodzi mwa ife analemba kuti "My father they have gone to Mzuzu," ndipo kope linabwera litalembedwa ndi cholembera chofiira kuti, "How many fathers do you have?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Koma taganizani zimene mwanayo ankachita. Iye analeredwa kuti wamkulu satchulidwa ngati mwana mnzako. Timati "abambo apita", sitinena kuti "bambo wapita". Kulemba "he" ponena za bambo ake kunali ngati kuwatukwana. Chimodzimodzi "you": mawu amodzi omwewo kwa mng'ono wako, kwa shehe, ngakhale kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Tinkaona ngati Chingerezi n'chiyankhulo cha anthu amwano. Patapita zaka ndi pamene tinamvetsa kuti ulemu ulimo, koma umakhala malo ena. Ife timauika m'kati mwa mneni: "ndipatse" ndi "ndipatseni" zikusiyana ndi kachidutswa kamodzi kakumapeto. Ukamasulira mawu ndi mawu, kachidutswako kamagwa m'njira, n'kutsala "Give me chalk", zimene kwa mwini chiyankhulo zimamveka ngati kulamula. Iye ulemu wake amauika mu "please", "excuse me", "may I", "could you". Kotero mwana woleredwa bwino wa kuno amatha kuoneka wamwano m'Chingerezi, osadziwa n'komwe kuti walakwa pati. Ana athu, ngati pali mawu oti muwaloweze sabata ino, ndi amenewa.

Ndiye pali nkhani ya "l" ndi "r", imene Amalawi timatchuka nayo kulikonse. M'ziyankhulo zathu malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu. Wina akati "Chingelezi", wina "Chingerezi", onse tawamva. M'Chizungu "rice" ndi chakudya, "lice" ndi nsabwe. Lachisanu lina tili Fomu 1 tinalimba mtima kupita kuofesi ya ahedi kukapempha kuti azitilola kutuluka msanga tikaswali. Tinasankha wolimba mtima pakati pathu, ndipo iye anati, "Sir, we want to go and play." Ahedi anatiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kutiuza kuti mpira ndi wa Lachitatu masana, tibwerere m'kalasi. Tinabwerera, tili ndi chikhulupiriro chonse kuti atikaniza chifukwa ndife Asilamu. Tinakadandaula kunyumba, makolo anakwiya, ndipo nkhaniyo inatsala pang'ono kufika kukomiti ya mzikiti. Mwamwayi bambo wina amene anagwirapo ntchito ku Zambia anatifunsa kuti, "Tabwerezani mawu enieni amene munanena." Titabwereza anagwira mutu. Lolemba anatiperekeza, ndipo ahediwo anavomera popanda vuto lililonse. Chilembo chimodzi chinatsala pang'ono kudanitsa anthu amene analibe chifukwa chodanirana.

Amene anatichiza matendawa anali munthu amene sitinkamuyembekezera: mwalimu wathu wa kumadrasa, mkulu amene Chizungu sankachidziwa ngakhale pang'ono. Atamva nkhani ya "play" ndi "pray", anatiuza kuti titchule mawu awiriwo mobwereza, iwo akumvetsera. Kenako anati, "Ana inu, izi si raa ndi laam? Mwakhala mukuzisiyanitsa chiyambire muli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mukazisokoneza powerenga ndimakubwezani. Bwanji mukafika kwa azunguwo mukuiwala?" Tinangoti kukamwa yasa. Sitinaganizepo kuti zimene tinkaphunzira masana titakhala pamphasa zingakhale ndi ntchito m'kalasi ya m'mawa. M'mitu mwathu munali mipanda: uku za Chiarabu, uku za sukulu.

N'zoona kuti "r" wa Chingerezi satchulidwa ndendende ngati raa, koma khutu limene laphunzira kuti awa ndi maliwu awiri osiyana lagwira kale theka la ntchito. Titayamba kufufuza tinapeza zambiri. Liwu la "th" mu "think", limene anzathu ankalitchula ngati "sink" kapena "fink", ndi lomwe lija la thaa. La mu "this" ndi "mother" ndi la dhaal. Kusiyanitsa "he" ndi "she" tinali titakumana nako kale mu huwa ndi hiya. Kamawu ka "the" kali ndi mbale wake mu al- wa Chiarabu. Ngakhale mawu ena a Chingerezi anayenda ulendo wautali kuchokera ku Chiarabu kudzera m'ziyankhulo za ku Ulaya: "sugar", "cotton", "algebra", "zero". Shuga amene timathira mu tiyi dzina lake linayenda ulendo umenewo lisanafike kwa ife. Agogo athu ankaona madrasa ndi sukulu ngati adani awiri olimbirana mwana mmodzi, chikhalirecho lilime la mwanayo ndi limodzi, ndipo chimene laphunzira uku limapita nacho uko.

Pa nkhani ya mawu, tinkaphunzira mobwerera. Tinaloweza kuti gulu la mikango ndi "a pride of lions", pamene sitinkadziwa kufunsa chenji m'sitolo kapena kufotokozera dokotala pamene pakupweteka. Palibenso anatiuza kuti mawu ambiri a Chingerezi tinali nawo kale m'kamwa: sukulu, buku, tebulo, supuni, sopo, bulangeti, basi, sitolo. Tinangowaveka zovala zakwathu, kuika lembo laliwu pakati ndi kumapeto, chifukwa lilime lathu silikonda malembo opanda liwu ataunjikana. Ntchito yake inali kungowavula zovalazo. Mabuku anali ochepa, limodzi kwa ana asanu kapena kuposa. Mwa anayife, amene anakhoza bwino Chingerezi ndi amene bambo ake ankagula nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times zokulungira katundu. Iye ankawerenga tsamba lililonse lisanakulunge usipa, nkhani zopanda mutu kapena zopanda mathero, za mpira, za kukhoti, zotsatsa malonda. Ife tinkamuseka. Iye ndi mmodzi mwa awiri amene akukuphunzitsani lero.

Tsopano tifike pa chimene chatipangitsa kuvomera kulemba nkhaniyi, ndipo mwiniwake watiloleza kuti tiinene. Makolo ena sadziwa mmene satifiketi ya MSCE imaperekedwera. Bungwe la MANEB limapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kuti mwana alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, kapena asanu ngati ali ndi makirediti okwanira, koma m'njira zonse ziwiri Chingerezi chiyenera kukhalapo. Kuti alowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi imodzi, ya Chingerezi ili pomwepo. Mnzathu wachinayi anali katswiri wa masamu pakati pathu. Ndi amene ankatithandiza tonse usiku pa nyali ya koloboyi. Zotsatira zitatuluka anali ndi makirediti pa masamu, pa ulimi ndi pa sayansi. Pa Chingerezi anali ndi 9. Zaka khumi ndi ziwiri za sukulu, satifiketi palibe.

Anachita zimene anyamata ambiri a Mzimba amachita, zimene agogo a kuno ankachita nthawi ya Wenela ndi Teba: anakwera basi ya ku Joni, kudzera ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare mpaka ku Beitbridge. Pachipata china cha malire anaphunzira galamala imene kusukulu inamudutsa. Wofufuza katundu anamufunsa kuti, "You don't have another bag?" Iye anati, "Yes," kutanthauza kuti inde, ndilibe, monga timayankhira kwathu. Wofunsayo anamva kuti chikwama china chilipo, n'kumuuza kuti akachitenge. Anazunguzana mpaka basi inatsala pang'ono kumusiya. M'Chingerezi yankho limatsata zimene zilipo, osati funso: ngati ulibe umati "No", ngakhale ukugwirizana ndi wofunsayo.

Anapeza ntchito m'sitolo ku Fordsburg, mu Johannesburg. Miyezi isanu ndi umodzi isanathe ankayankhula Chingerezi chimene ife okhoza mayeso sitinkachiyandikira n'komwe, chifukwa kumeneko anapeza bwalo lija linasowa kwathu. Wogula sadikira kuti ukumbukire lamulo la galamala, ndipo akakuseka mawa umabweranso chifukwa lendi ikudikira. Koma pamene abwana ake, ataona kuti mutu wake umagwira manambala, anafuna kumukweza kuti aziyang'anira katundu ndi kulemba makalata kwa ogulitsa, zinakanika. Kuyankhula ankatha, kulemba ayi, ndipo pepala loti asonyeze analibe. Ntchitoyo inapita kwa mnyamata wa ku Zimbabwe, iye n'kupitiriza kunyamula makatoni zaka zina zambiri.

Ife a choko tisadzitame. Tinakhoza ndi makirediti, koma mmodzi mwa ife tsiku loyamba kuitanidwa ku intavyu anatuluka thukuta mpaka malaya kumamatira kumsana, chifukwa chiganizo chilichonse ankayamba wachilemba m'mutu n'kuchichonga asanachinene. Mayeso a MANEB a Chingerezi ndi olemba okhaokha. Munthu angathe kupeza 3 asanayankhulepo mphindi ziwiri zathunthu m'chiyankhulocho. Kotero tinatuluka m'kalasi imodzi tili anthu a theka: wina pakamwa popanda cholembera, wina cholembera popanda pakamwa.

N'chifukwa chake m'makalasi athu simudzaona kachikwangwani ka m'khosi, ndipo tikupempha aphunzitsi anzathu kuti kasabwererenso m'dzina lina lililonse. Mwana akasowa mawu a Chingerezi anene m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, kenako tifunefune limodzi. Makolo ena amadandaula akamva tikufotokoza galamala m'Chichewa, amati analipira fizi kuti ana amve Chizungu. Tikumva nkhawa yanu. Koma lamulo la "yes" ndi "no" lija limatenga mphindi zisanu kulifotokoza m'chiyankhulo chimene mwana akumva, ndipo likangolowa silitulukanso. Pali makolo enanso, makamaka a pa boma pano, amene asiya kuyankhula ndi ana awo chakwawo, poganiza kuti Chiyao chimatsekereza Chingerezi. Ife sitikuvomereza. Mwana amene sangacheze ndi agogo ake wataya chinthu chachikulu, ndipo Chingerezi chake sichikoma chifukwa cha kutayako.

Mayi ndi bambo amene simunapite kusukulu, musadziderere. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti mudziwe ngati mwana akuchidziwa. Musakhutire ndi "Good morning". Mpatseni thumba la feteleza, botolo la mankhwala, buku la kuchipatala, uthenga umene wabwera pafoni kuchokera kubanki kapena kwa achibale a ku Joni, mumuuze kuti awerenge mokweza kenako akufotokozereni m'chiyankhulo chanu. Akamazengereza kapena kungoti "palibe chanzeru chalembedwa", bwerani mudzatione teremu isanathe. Ndipo atsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi ya alongo awo. Taona kambirimbiri mnyamata ali ndi buku pakhonde, mlongo wake ali pamoto mpaka mdima, kenako onse awiri n'kukalemba mayeso amodzi.

Kwa akuluakulu a komiti tili ndi mapempho awiri, ndipo onse si a ndalama zambiri. Loyamba ndi la zowerenga. Sitikunena mabuku a silabasi okha, koma madikishonale angapo, mabuku a nthano osavuta, ndi nyuzipepala zimene amalonda athu amawerenga n'kutaya. Pakhale katoni pakhomo la mzikiti Lachisanu lililonse, aliyense aziponyamo zimene wamaliza kuwerenga. Lachiwiri ndi la chipinda cha madrasa, chimene chimakhala chotseka ana akaweruka. Mutatiikira nyali ya sola n'kutilola kuchigwiritsa ntchito pakati pa Maghrib ndi Isha masiku awiri pa sabata, ana a m'nyumba zopanda magetsi angapeze powerengera ndi poyeserera kuyankhula. Tingakondenso kuti amwalimu azikhala nafe nthawi zina, chifukwa pa katchulidwe ka maliwu ali ndi luso limene ife a kukoleji sitinaphunzitsidwe.

Inu ana, kusekana sikudzatha, ndipo sitikuletsani kuseka, chifukwa nafenso tikusekabe za matimati aja. Chimene tikukana ndi kuseka kotseka mnzako pakamwa chaka chonse. Mukakumana nafe panjira n'kutipatsa moni wa Chingerezi, dziwani kuti sitiimira pa "fine". Tikufunsani kumene mukuchokera, zimene mwadya, ndi mtengo wa matimati lero pamsika.

Mnzathu wa ku Joni uja walembetsa kuti alembenso MSCE ngati wophunzira wapadera. Ena mwa inu mwamuona Loweruka m'mawa atakhala pa benchi yakumbuyo m'kalasi yobwereza, bambo wa ana atatu, imvi zitayamba m'ndevu. Masabata awiri apitawo anakweza dzanja n'kuuza mmodzi mwa ife, pamaso pa kalasi yonse, kuti mu "receipt" chilembo cha "p" sichitchulidwa. Zinali zoona, ndipo tinavomera. Titamupatsa choko kuti alembe mawuwo pabolodi, anayamba ndi "r-i-s", n'kuima. Mtsikana wa Fomu 3 amene anakhala naye pafupi anadzuka, n'kunena kuti, "Excuse me, uncle, may I help you?" Iye anamupatsa chokocho.